Kodi Kwawo kwa Chimanga N'kuti?

FUNSO: Agogo anga ankati makolo akale ankadya nsima ya mapira ndi mawere, ndipo chimanga chinachita kubwera. Ngati ndi mlendo, kwawo n'kuti, nanga bwanji sitichiona chikumera chokha kuthengo? (Wowerenga, Dedza)

YANKHO: Agogo anu ananena zoona, pakuti chimanga chinaoloka nyanja kuchokera ku America, nifika ku Africa m'zombo za amalonda, makamaka Apwitikizi, kuyambira zaka za m'ma 1500. Koma funso lanu lachiwiri ndilo lolemera, ndipo linasautsa anthu ophunzira zaka zoposa makumi asanu. Pakuti mbewu imene maso ake amakakamira pachitsononkho, nakutidwa ndi makoko, singathe kudzifesa yokha popanda dzanja la munthu, ndipo chifukwa chake panasowa wotha kuloza kholo lake m'tchire.

M'chaka cha 1939 George Beadle wa ku America ananena kuti kholo limenelo ndi udzu wa ku Mexico wotchedwa teosinte, umene uli ndi nthambi zambiri ndi tingala ta njere zosapitirira 12, njere iliyonse yotsekeredwa m'chikamba cholimba. Paul Mangelsdorf, amene anadzatchuka ku yunivesite ya Harvard, anakana kwamtuwagalu, nati chimanga chakuthengo chinalipo koma chinatha. Ndipo ambiri anamvera iye, popeza diso silinaone ubale uliwonse pakati pa udzuwo ndi chimanga. Beadle, angakhale analandira mphotho ya Nobel mu 1958 pa ntchito ina, sanaiwale mlanduwu. Atapuma pa utsogoleri wa yunivesite ya Chicago anakwatitsa teosinte ndi chimanga, nabzala zidzukulu zake zokwana 50,000 ku Mexico, napeza kuti phesi limodzi mwa mapesi 500 alionse linafanana ndi udzu, lina limodzi ndi chimanga. Mwa masamu amenewa anazindikira kuti majini, ndiko kuti tizigawo ta chibadwa, olekanitsa mbewu ziwirizi ndi anayi kapena asanu okha.

Woyenera kumutchula kwambiri ndi John Doebley wa ku yunivesite ya Wisconsin, ndipo chimene ndimlemekezera ndicho kuti anadziwa kuti mutu umodzi susenza denga. Pamodzi ndi Adrian Stec anapeza zigawo zisanu m'chibadwa cha chimanga zimene Beadle analosera. Mu 1997 gulu lake linavumbula jini yotchedwa tb1, imene imaletsa nthambi kuti phesi likhale limodzi, ndipo mu 2005 ina yotchedwa tga1, imene inavula njere chikamba chake kuti idyeke. Mu 2002, ali ndi Yoshihiro Matsuoka wa ku Japan, Jesús Sánchez wa ku Mexico ndi anzawo ena, anayerekeza chibadwa cha mitundu yambirimbiri ya chimanga, nasonyeza kuti yonse inachokera ku teosinte wa m'chigwa cha mtsinje wa Balsas, kummwera kwa Mexico, zaka ngati 9,000 zapitazo. Ndipo monga mlandu utsimikizika pakamwa pa mboni ziwiri, ofukula zakale Dolores Piperno ndi Anthony Ranere anapita kuchigwa chomwecho, nalengeza mu 2009 kuti m'phanga la Xihuatoxtla apeza zotsalira za chimanga pa mphero za zaka 8,700. Alimi amene anasankha njere chaka ndi chaka kufikira udzu unasanduka chakudya, maina awo sakudziwika, koma ntchito yaikulu inali yawo.

FUNSO: Nanga udzuwo ukadalipo, ndipo uli ndi phindu kwa ife?

YANKHO: Ulipo, ngakhale msipu ndi minda zikuulanda malo. Mu 1979 Doebley, mphunzitsi wake Hugh Iltis ndi Rafael Guzmán, mnyamata wa sukulu wa ku Mexico amene anaupeza m'mapiri a Jalisco, analengeza mtundu wina wotchedwa Zea diploperennis, umene sufa chaka chikatha ndipo umapirira matenda angapo a chimanga. Chifukwa cha udzu umenewu mapiriwo, otchedwa Manantlán, anapatulidwa kukhala malo otetezedwa. Akatswiri a bungwe la IITA ku Ibadan, m'dziko la Nigeria, anaukwatitsa ndi chimanga, napeza mbewu zolimbana ndi mtundu wina wa kaufiti, mdani amene mlimi aliyense wa panthaka yoguga amdziwa bwino.