MPHATSO ZA UKWATI KU DZIKO LA CHINA

Lero tikamba za mphatso za ukwati ku China, dziko lalikuru la kum'mawa. Inu mafumu, amene mumaweruza mirandu ya maukwati pa bwalo, cherani khutu.

Mwambo umenewu ngwakale ndithu. Buku lao lochedwa Yili lifotokoza makhalidwe a nthawi ya mafumu a Zhou, amene ufumu wao unatha zaka 256 Yesu asanabadwe. Bukulo liti ukwati unali ndi miyambo isanu ndi umodzi: kufunsira mbeta, kufunsa dzina la mtsikana, kunena zimene ula wapeza, kupereka mphatso, kupangana tsiku, ndi kukatenga mkwatibwi. Wonyamula mau anali munthu wa pakati, monga acitira ankhoswe kuno kwathu. Pa miyambo isanu mphatso inali tsekwe mmodzi. Pa mwambo wacinai pokha ndipo acikuamuna anatumiza nsaru za silika ndi zikopa ziwiri za nyama yonga nswala.

M'kupita kwa zaka anaonjezapo zina, monga mowa, makeke, ndarama zokulunga m'pepala lofiira, ndi masamba a tiyi. Tiyiyo anali ndi tanthauzo: anthu anakhulupirira kuti mtengo wace suphuka ukaokedwa pena, ndipo ukwati ukhale comweco.

Koma dziwani ici: mphatso sizinali kucokera mbali imodzi yokha. Acikukazi anali kubweza gawo lina la zimene alandira, kuonetsa kuti sagulitsa mwana. Ndiponso anali kumninkha mwana wao katundu wopita naye ku banja, monga mabokosi, zofunda, zobvala ndi zokometsera za golidi kapena siliva. Katunduyu anampatsa mkazi ulemu pamaso pa apongozi ace.

Cinaononga mwambowu ndi umbombo. Nduna ina yanzeru, Sima Guang, amene anamwalira m'caka ca 1086, anadzudzula makolo amene anayamba afunsa za cuma asanafunse za khalidwe, nawafanizira ndi anthu ocita malonda.

Pa 1 May 1950 Boma latsopano la China linaika lamulo loletsa ukwati wokakamiza, ndiponso kulipiritsa ndarama kapena mphatso cifukwa ca ukwati. Koma lamulo silinathetse mwambo. M'zaka za m'ma 1970 mnyamata wofuna banja anayesetsa kupeza zinthu zinai: njinga, makina osokera, wochi ndi wailesi.

Pambuyo pace mtengo unakwera koposa. Kuyambira 1980 kufikira 2015 Boma linaletsa mabanja ambiri kubala ana oposa mmodzi, ndipo makolo ambiri anafunitsitsa mwana wamwamuna. Pa kalembera wa 2020 anapeza kuti amuna aposa akazi ndi mamiliyoni pafupi-fupi 35. Atsikana atacepa, cuma cofunsira mkazi, cimene iwo acicha caili, cinakula, makamaka kumidzi. Alimi ena analowa m'ngongole zazikuru kuti akwatitse mwana mmodzi. Mirandu inacuruka, kotero kuti mu January 2024 bwalo lalikuru la dzikolo linaturutsa malangizo a kabwezedwe ka cuma ukwati ukalephereka kapena ukatha msanga. Woweruza ayenera kuona nthawi imene awiriwo anakhala pamodzi, ngati anabala ana, ndiponso kumene cumaco cinapita.

Kuno miyambo yathu njosiyana: ena apereka ng'ombe za malowolo, ena mkamwini alima kwa apongozi. Koma ngozi yace ndi yomweyo. Mphatso ikasanduka mtengo, mnyamata ayamba banja ndi ngongole, ndipo mtsikana asowa pothawira akazunzidwa, popeza makolo ace anadya kale cumaco.

Tsono inu mafumu, ankhoswe akadza kwa inu ndi nkhani yotere, musafunse za kucuruka kwa cuma cokha. Funsaninso ngati ana awiriwo agwirizana okha, ndi cimene cidzatsala m'nkhokwe ukwati utapita.

Tsalani bwino nonse.