Nthondo ndi Chiyambi cha Nthano Zolembedwa

Ife a m'mbali mwa nyanja ku Salima tikakweza maso chakumadzulo timaona mapiri a ku Mvera, kumene Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed anamanga misasa yawo m'chaka cha 1889. Sukulu zimene zinaphuka kuchokera pamenepo, mpaka likulu la mishoni linasamukira ku Nkhoma, ndizo zinalera mphunzitsi Samuel Josia Ntara, wobadwa mu 1905, amene ambiri timamutcha kholo la alembi a nthano zazitali m'Chicheŵa.

Mu 1932 bungwe la International Institute of African Languages and Cultures la ku London linachititsa mpikisano wa zolemba m'zilankhulo za mu Africa. Ntara anapambana ndi buku lake la Nthondo, limene linasindikizidwa mu 1933. Chaka chotsatira T. Cullen Young analitanthauzira m'Chingerezi nalitcha Man of Africa, ndipo Julian Huxley analemba mawu oyamba.

Chotidabwitsa nchakuti bukuli linaŵerengedwa ngati mbiri ya munthu, chonsecho Nthondo ndi munthu wopeka. Ntara anatola miyambo ya kubadwa, ya maliro, ya milandu ya pabwalo, naisonkhanitsa pa moyo wa mnyamata mmodzi wosamva, wakuba, wopita kukasaka ntchito kutali, amene pobwerera analongedwa ufumu natembenuka mtima. Luso lake lagona pamenepa: mwambo sakuulongosola monga mphunzitsi m'kalasi, koma akuuveka thupi, kuti uyende ndi kulakwa ndi kuchita manyazi. Komabe tinene mosabisa, ngakhale ife ansembe: Nthondo wochimwa ali ndi moyo kuposa Nthondo wotembenuka. Kumapetoko timamva ngati mlembi akuthamanga, podziŵa chimene eni makina osindikizira anali kuyembekezera.

Goli lotere silinathere pa Ntara. John Gwengwe polemba Sikusinja ndi Gwenembe ankadziŵa kuti oŵerenga ake ambiri adzakhala ana a sukulu, ndipo buku la m'kalasi limayenera kukhala ndi phunziro looneka. Mu 1968, chaka chomwecho Chicheŵa chinakwezedwa kukhala chilankhulo cha fuko, boma linakhazikitsa bungwe lounika mabuku, la Censorship Board. Dzanja lina linapatsa, lina linalanda. Pamene a Popular Publications ku Limbe anatsegula khomo kwa alembi atsopano, anthu monga Willie Zingani ndi buku lake la Njala Bwana, kapena Jolly Max Ntaba ndi Mtima Sukhuta, anaphunzira kunena za umphaŵi, dyera ndi chinyengo cha m'tauni popanda kuloza chala wolamula. Mwambi ndi chining'a, zimene agogo ankakometsera nazo nkhani madzulo, zinasanduka pothaŵirapo, ndipo woŵerenga wa masiku amenewo anazoloŵera kufunafuna mlandu weniweni kuseri kwa mkangano wa m'banja.