Galimoto ya 4x4

Iyi ndi galimoto yomwe injini yake imazunguza matayala onse anayi, monga Land Rover, yomwe inayamba kupangidwa ku Britain mu 1948. Mphamvu ya injini payokha sikwanira ngati tayala silikugwira pansi. Pamchenga dalaivala amaphwetsako matayala kuti aponde malo aakulu, ndipo amapewa kuponda mafuta modzidzimutsa, chifukwa tayala limadzikumbira dzenje. Ovuta koposa ndi matope a dothi la makande: amamatirira m'mizere ya tayala mpaka kusalala, choncho pamafunika matayala a mizere yakuya ndi yotalikirana. Pamiyala dalaivala amayenda pang'onopang'ono pa giya yotsika, atatchera diff lock, yomwe imazunguza matayala awiri pamodzi ngakhale lina litalendewera m'malere.