UBWENZI WA SETH BULLOCK NDI THEODORE ROOSEVELT

Munthu akalandira ukulu, kawiri-kawiri amaiwala anzace amene anadya nao m'mbale imodzi. Mbiri ya ku America itisonyeza mtsogoleri wina amene sanatero, ndiye Theodore Roosevelt, ndi bwenzi lace loweta ng'ombe, Seth Bullock.

Anthu awiriwa anabadwa mosiyana. Roosevelt anabadwa m'caka ca 1858 mu mzinda waukuru wa New York, m'banja la cuma, ndipo paubwana wace anabvutika ndi nthenda ya mphumu. Bullock anabadwa m'caka ca 1849 ku Canada, nacoka kwao ali mnyamata kunka ku maiko a kumadzulo kwa America. M'caka ca 1876 anafika ku Deadwood, m'mapiri ochedwa Black Hills, kumene anthu anali kukumba golidi. Mapiriwo anali a mtundu wa anthu a Lakota, koma boma linawalanda golidiyo atapezeka. Ku Deadwood kunali ndeu ndi umbanda, ndipo Bullock anaikidwa kukhala mkuru wa apolisi. Pambuyo pace iye ndi mnzace Sol Star anatsegula busa lalikuru la ng'ombe pafupi ndi mtsinje wa Belle Fourche.

Cimene cinamtengera Roosevelt kumeneko ndi uzimba. M'caka ca 1883 anadza ku Dakota kudzasaka njati. Njati za dzikolo kale zinali zosawerengeka, koma alenje anali atazitsiriza cifukwa ca zikopa, kotero kuti Roosevelt anayenda masiku ambiri m'mbvula asanaphe imodzi. Caka cotsatira, pa 14 February 1884, mai wace ndi mkazi wace anamwalira tsiku limodzi m'nyumba imodzi. Ndi mtima wosweka anabwerera ku Dakota kukaweta ng'ombe pa mtsinje wa Little Missouri.

Pamene awiriwa anakomana koyamba, Roosevelt anali atayenda ulendo wautali, zobvala zace zoda ndi pfumbi. Bullock anamuyang'ana mokaika, namuyesa mmodzi wa anthu ochova juga. Atadziwana bwino anapeza kuti anali a mtima umodzi: onse anali oweta ng'ombe, onse anali odziwa mfuti ndi chire, ndiponso onse anali atagwirapo nchito yolondola akuba akavalo. Cisanu coopsa ca 1886 ndi 1887 cinapha ng'ombe zambiri za Roosevelt, ndipo iye analeka ulimiwo, koma ubwenzi sanauleke.

M'caka ca 1901 Purezidenti McKinley anaphedwa, ndipo Roosevelt, amene anali waciwiri wace, analowa m'malo mwace. Apa ndi pamene ubwenziwo unayesedwa. Roosevelt anatumiza ana ace aamuna kwa Bullock kuti akaphunzire kusaka, kukwera akavalo ndi kugona m'chire. Taganizani, awerengi: kodi kholo lipereka mwana wace ndi mfuti kwa munthu amene silimkhulupirira? M'mwezi wa March 1905, pa mwambo wakulumbira kwa Roosevelt ku Washington, Bullock anatsogolera abusa a ng'ombe okwana ngati 50 okwera pa akavalo. M'caka comweco Roosevelt anamuika kukhala mkuru wa apolisi a boma ku South Dakota, nchito imene anaigwira zaka zisanu ndi zinai.

Cipatso cacikuru ca ubwenziwu cinali kusunga nkhalango. Alenje awiriwa anaona ndi maso ao kutha kwa njati, nazindikira kuti mlenje wopha zonse lero adzasowa cosaka mawa. Bullock anali atayamba kale, pakuti ali ku Montana anacirikiza kuti dera la Yellowstone lipatulidwe, ndipo linapatulidwadi m'caka ca 1872. Ndi cithandizo ca Roosevelt anakhalanso woyang'anira nkhalango ya boma ya Black Hills. Roosevelt nayenso m'caka ca 1905 anakhazikitsa nthambi ya boma yoyang'anira nkhalango za dziko lonse, napatula malo ambiri osungiramo nyama ndi mbalame.

Atatsika pa mpando m'caka ca 1909, Roosevelt anadza kudzasaka kum'mawa kwa Africa, ndipo pobwerera m'caka ca 1910 Bullock anaoloka nyanja kukakomana naye ku London. Roosevelt anamwalira pa 6 January 1919. Bullock, ngakhale anali wokalamba ndi wodwala, anasonkhanitsa anzace namanga nsanja ya miyala pa phiri pafupi ndi Deadwood, nalicha phirilo Mount Roosevelt. Nsanjayo inatsegulidwa pa 4 July 1919, ndipo m'mwezi wa September caka comweco Bullock naye anatsikira kuli cete. Anamuika pamwamba pa manda a Mount Moriah, popenyana ndi phiri la bwenzi lace, monga anapempha iye mwini.