Nyumba ya Malamulo Yopanda Otsutsa

Ntchito yaikulu ya aphungu otsutsa boma ndiyo kufunsa mmene ndalama za msonkho zikugwiritsidwira ntchito, mmene asilikali akuyendetsedwera, ndiponso maiko amene boma likupalana nawo ubwenzi. Mbiri ya Malaŵi ikutionetsa zimene zimachitika ofunsa otere akasoŵa.

Pamene dziko linalandira ufulu mu 1964, pafupifupi aphungu onse anali a Malawi Congress Party. Choncho mafunso anachokera kwa nduna zomwe. A Kanyama Chiume, a Orton Chirwa ndi anzawo anadandaula za tiki yolipira kuchipatala ndiponso za ubwenzi wa Dr. Banda ndi Apwitikizi amene ankalamulira Mozambique. Mu Seputembala nduna zina zinachotsedwa, zina zinatula pansi udindo, ndipo aphungu anagwirizana kuti akukhulupirirabe Dr. Banda.

Mu 1966 lamulo linaloleza chipani chimodzi chokha. Motero pamene boma linakhazikitsa ubale waukazembe ndi boma latsankho la South Africa mu 1967, nililandira ngongole yomangira likulu ku Lilongwe, m'Nyumbamo munalibe wotsutsa. Apayoniya nawonso anasunga mfuti popanda wofunsa, kufikira asilikali atawalanda mu Disembala 1993.

Referendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994 zinabwezeretsa otsutsa, ndipo malamulo atsopano a dziko anakhazikitsa makomiti a aphungu oona za bajeti ndi za chitetezo. Inu ophunzira, mukamva phungu akupanikiza nduna ndi mafunso, musamuyese mdani wa dziko, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi.