Kupima Kulimba kwa Maulalo ndi Makina a Laser

Pa 14 August 2018, ulalo wa Morandi mu mzinda wa Genoa ku Italy unagwa magalimoto ali pamwamba pake, ndipo anthu 43 anataya miyoyo yao. Ngozi zotere ndizo zicititsa mainjiniya kufunafuna njira zodziwira msanga ngati ulalo wayamba kufooka. Imodzi mwa njirazi ndiyo kuupima ndi makina a laser.

Makinawa amaimikidwa pa miyendo itatu m'mbali mwa mtsinje kapena pansi pa ulalo, pomwe ena amanyamulidwa ndi tindege topanda woyendetsa. Amatumiza kuwala kumene kumagunda citsulo kapena konkire nkubwerera. Popeza kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, makinawo amadziwa mtunda powerengera nthawi imene kuwalako kwatenga kupita ndi kubwera. Pa sekondi imodzi amatha kupima malo masauzande mazanamazana. Kompyuta imasonkhanitsa miyezo yonseyi nkupanga cithunzi ca ulalo wonse, cosonyeza pamene cigawo ciriconse ciri, mosaphonya koposa mamilimita ocepa.

Phindu lalikulu limaoneka pamene ulalo wapimidwa kawiri kapena kuposerapo. Mainjiniya amayerekeza cithunzi catsopano ndi ca kale kuti aone ngati cipilala catitimira, capendekeka, kapena ngati mtanda wapindika. Nthawi zina amaimika magalimoto olemera, odziwika kulemera kwace, pakati pa ulalo ndi kuupima. Akawacotsa amapimanso kuti aone ngati ulalowo wabwerera m'malo mwace.

Poyerekeza miyezo, nyengo iyenera kuganiziridwa. Citsulo cotalika mamita 100 cimatanuka ndi mamilimita pafupifupi 12 kutentha kukakwera ndi madigiri 10. Motero ulalo wopimidwa m'mawa wa mwezi wa June sungafanane ndendende ndi ulalo womwewo masana a mwezi wa October, ngakhale ulibe vuto.

Makinawa ali ndi malire ace. Amaona kunja kokha. Zingwe zacitsulo za ulalo wa Morandi zinali zokutidwa ndi konkire, ndipo ofufuza anapeza kuti dzimbiri linali litazidya mkati, mmene kuwala sikufika. Laser wamba salowanso m'madzi a matope, komwe mtsinje umakokolola dothi m'munsi mwa zipilala. Cifukwa ca ici, pamafunikabe akatswiri oyendera ulalo ndi maso, odziwa kumira m'madzi, ndi zipangizo zina zopimira mkati mwa konkire.

Nkhaniyi ikhudzanso dziko la Zambia, lomwe malonda ace amadalira maulalo. Ulalo wa Victoria Falls unatsegulidwa mu 1905 ndipo uli pa mtunda wa mamita 128 pamwamba pa mtsinje wa Zambezi. Pa malo otere, kufikira citsulo ciriconse ndi manja nkovuta ndiponso nkoopsa, pomwe laser imapima munthu ali patali. Ulalo wa Luangwa, womangidwa mu 1968 pa mseu wa Great East, ndiwo umalumikiza Lusaka ndi cigawo ca kum'mawa. Ukatsekedwa, katundu wopita ku Chipata ndi ku Malawi amaima.

Ngakhale ulalo watsopano, monga wa Kazungula umene unatsegulidwa mu 2021, umapindula ukapimidwa ukali wolimba. Miyezo yoyambayo ndiyo imasungidwa kuti mainjiniya a mtsogolo akhale ndi coyerekezera.