William Appleman Williams ndi Utsamunda Wopanda Mbendera

M'chaka cha 1899, John Hay, nduna yoona za ubale wa America ndi mayiko ena, adalembera makalata Britain, Germany, Russia, France, Italy ndi Japan, kupempha kuti mayiko onse akhale ndi mwayi wofanana wochita malonda ku China. Ndondomekoyi idatchedwa Open Door, kutanthauza khomo lotsegukira aliyense. Kwa zaka zambiri Amereka ankawerenga makalatawo ngati umboni woti dziko lawo lidalibe dyera la atsamunda a ku Ulaya. Katswiri wa mbiri amene adagwedeza chikhulupiriro chimenechi ndi William Appleman Williams.

Williams adabadwa mu 1921 m'tauni ya Atlantic ku Iowa. Adaphunzira usilikali wapamadzi ku Annapolis ndipo adamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ku Pacific. Nkhondo itatha adapita ku yunivesite ya Wisconsin, komwe adalandira digiri ya udokotala mu 1950, nabwererako ngati mphunzitsi mu 1957. Patangopita zaka 2 adatulutsa buku lotchedwa The Tragedy of American Diplomacy.

Mfundo yake idali yakuti chuma chitasokonekera mu 1893, atsogoleri a America adayamba kukhulupirira kuti mtendere wa kwawo udzadalira misika ya kunja. Khomo lotseguka lija lidali lolowera katundu wa America, pakuti pampikisano umene onse aloledwa kulowa, wachuma chambiri ndiye amapambana. Motero dziko likhoza kulamulira anzake popanda kuzika mbendera kapena kutumiza bwanamkubwa. Tsoka limene mutu wa bukulo ukunena ndi lakuti America inkalalikira moona mtima ufulu woti mtundu uliwonse udzisankhire njira, koma inkakwiya mtunduwo ukasankha njira ina. M'kope la 1962 adapereka Cuba ngati chitsanzo.

Maganizo otere, pakati pa udani wa America ndi Soviet Union, adamuika m'mavuto. Komiti ya nyumba ya malamulo yofufuza oganiziridwa kuti ndi achikomyunizimu idamuitanitsa. Komabe nkhondo ya ku Vietnam idampatsa owerenga ambiri, ndipo ophunzira ake Walter LaFeber, Lloyd Gardner ndi Thomas McCormick adapitiriza ntchitoyo. Omutsutsa nawo adali ndi mfundo zolemera. Ena adati adakuza za chuma mopyola muyeso nachepetsa zochita za Stalin, pomwe Robert James Maddox, mu 1973, adamudzudzula kuti ankapotoza mawu a m'zikalata.

Mu 1968 Williams adasamukira ku Oregon State University. Mu 1980 adakhala mtsogoleri wa Organization of American Historians, natulutsa Empire as a Way of Life, buku loumirira kuti Amereka atchule ulamuliro wawo ndi dzina lake lenileni. Adamwalira mu 1990.

America itathira nkhondo Iraq mu 2003, liwu loti empire, limene kale linkapewedwa, lidamveka ngakhale pakamwa pa ochirikiza nkhondoyo. Mu 2009 buku lake loyamba kutchuka lija lidasindikizidwanso, litakwanitsa zaka 50, ndipo mawu otsiriza adalemba ndi Andrew Bacevich, msilikali wakale wa nkhondo ya ku Vietnam.